Manda Awiri a Greenwell Mhango

Alinesi anali akupukuta makapu a mpingo kuti akawabweze pamene anamva odi kukhonde. Anatuluka kapu ili m'manja. Pamasitepe panaima bambo wamtali, wosakalamba, jekete lake litafiira ndi fumbi la msewu wa Mchinji. Bamboyo anayang'ana phulusa la moto wa maliro limene linali lisanasesedwe pabwalo, ndipo anavula chipewa.

"Pepani amayi, sindinadziwe kuti pano pagwa zovuta. Ine ndine Bonaventure Zulu, ndachokera ku Zambia. Ndikufuna a Kenani Mhango."

"Kwa a Mhango ndi pano," anatero Alinesi, "koma a Kenani sitiwadziwa."

"Ang'ono awo a malemu a Greenwell Mhango."

"A Greenwell ndiwo amuna anga. Tawaika Lachiwiri lapitali. Analibe mng'ono."

Mlendoyo anatembenuza chipewa chake m'manja. Anayang'ananso phulusa lija, kenaka nsalu yakuda imene Alinesi anamanga kumutu.

"Lachiwiri? A Greenwell Mhango a ku Rumphi, amene anagwirapo ntchito kumigodi ya mkuwa?"

"Omwewo. Anagwirako ali mnyamata, tisanadziwane."

"Amayi, mundikhululukire. Manda a Greenwell Mhango ine ndawaona ndi maso angawa. Ali kumgodi kwathu. Anamwalira mu 1952."

M'chipinda chochezera munali a Lizzie, alongo aakulu a malemuwo, amene anabwera okha kuchokera ku Rumphi kudzalira maliro. Anali pamphasa akupinda malaya a malemu. Manja awo anaima.

"Wasochera ameneyo, mulamu," anatero osadzutsa mutu. "Muuzeni azipita. A Mhango ndi ambiri."

Alinesi nayenso anaganiza chomwecho. A Mhango analidi ambiri. Ku Zomba, asanasamukire kuno pamodzi ndi likulu, a kupositi ankasokoneza makalata awo ndi a Mhango a ku Nthambi ya Zankhalango. Koma sakanatha kubweza munthu wochokera kutali chotero asanamwe ngakhale madzi. Anamulowetsa, anamupatsa mpando, n'kumuthirira tiyi m'kapu imodzi mwa zija za mpingo.

Bonaventure anafotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kuponda pamalo oterera. Kwawo kwenikweni kunali ku Chipata, ndipo anali patchuthi. Ankagwira ntchito pamgodi wina wa mkuwa. Pamgodipo, anatero, pali chimulu cha mchenga wotuwa chachitali ngati phiri, chimene kumeneko amachitcha dampu. Ndi zotsala za miyala imene inagayidwa kalekale pochotsamo mkuwa.

"Makina akale ankasiya mkuwa wambiri mumchengamo. Ife takhala tikubowola dampulo, kutenga mchenga wa pamwamba, wa pakati ndi wa pansi kukauyeza. Mkuwa ulimo ndithu, wokwanira. Tsono akuluakulu agamula kuti aligumule lonse, mchengawo audutsitsenso m'makina atsopano."

"Nanga ife zikutikhudza bwanji zimenezi?"

"M'munsi mwa dampulo muli manda akale a anthu a ku Nyasalande. Poyamba anali patali, koma mchenga unkangowonjezeka chaka ndi chaka mpaka unafika pamandapo. Ntchito isanayambe, mandawo ayenera kuchoka. Ine andipatsa ntchito yofufuza abale. Ambiri mitanda yawo inali yamitengo, chiswe chinadya. Koma umodzi ndi wachitsulo, ndipo dzina likuwerengeka bwinobwino. Greenwell Mhango, Rumphi."

"Ndiye ndi wina wake wa dzina lofanana."

"Mwina, amayi. Kungoti kukomboni kuli mkulu wina wa mpingo, a Orton Nyirenda, amene analipo pamalirowo. Anandiuza kuti mtandawo anausula ndi mng'ono wa malemuwo, Kenani, ndipo anamva kuti ali ku Lilongwe, amayeza malo m'boma. Anati sindikavutika kumuzindikira. Chala chake chaching'ono chakumanzere n'chodukira pamfundo."

Alinesi anaika ketulo pansi mosamala kwambiri. Chala chimenecho ankachidziwa. Amuna ake ankati chingwe cha ng'ombe chinawadula ali kubusa. Anachigwira Lolemba kuchipatala, chitayamba kale kuzizira.

Anatembenukira kumphasa. A Lizzie panalibe. Malaya aja anali pomwepo, mkono umodzi wopindidwa, wina uli tambasu.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, pampopi, akusamba m'manja mosalekeza ngakhale munalibe litsiro. Madzi ankangotayikira pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Alamu, ine ndaika yani Lachiwiri?"

"Mwaika amuna anu."

"Dzina lawo ndani?"

A Lizzie anatseka mpopi. Anagadabuza ndowa, n'kukhalapo molemera, maondo awo akulira.

"Tinabadwa atatu," anayamba. "Ine, Greenwell, Kenani. Ng'ombe za adada zinakwanira kuphunzitsa mmodzi. Greenwell anapita kumishoni, anabwera ndi satifiketi ya Sitandade 6. Kenani anatsala kubusa. Kenaka onse awiri anapita kumigodi. Greenwell anali kalaliki, Kenani ankakankha ngolo za miyala. Akaweruka, Greenwell ankamuphunzitsa kuwerenga ndi masamu. Mutu anali nawo Kenani, kuposanso mkulu wake, kungoti analibe pepala. Ndiye chibayo chinamutenga Greenwell. Kenani anamuika yekha, ndi anthu a mpingo a kumeneko. Anabwera kumudzi ndi zovala za mkulu wake ndi satifiketi ija."

"Ndiye?"

"Amama anali chigonere. Ine mwamuna anali atandisiya ndi ana. Chaka chimenecho kunali njala. Tinamva kuti boma likulemba anyamata oyeza malo, koma likufuna Sitandade 6. Pepalalo linalibe chithunzi."

"Munawauza ndinu kuti atenge dzina la mkulu wawo?"

"Ndinangoliika m'manja mwake. Sindinanene kanthu. Iyenso sananene kanthu. M'mawa mwake ananyamuka."

Alinesi anagwira tsinde la mapeyala. M'mutu mwake zinthu zinkabwera zosatsatana. Anaona tchalitchi cha pa boma pano, iye ali mtsikana, abusa akufunsa kuti, iwe Greenwell, kodi ukumutenga Alinesi? Ndiye amene anavomera uja anali ndani? Ukwatiwo unali wa yani? Anakumbukira akuluakulu a ku ofesi ataima pamanda Lachiwiri, akutamanda a Greenwell Mhango kuti misewu ya likulu latsopano inayamba ndi zikhomo zawo. Anakumbukiranso anthu a kumpoto a mumpingo akung'ung'udza kuti bwanji maliro osapita nawo kwawo, iye n'kumawauza kuti eni ake ananeneratu kuti adzaikidwe ku Lilongwe kuno. Mwadzidzidzi anadzimva akuseka, kuseka kwakufupi kouma, ndipo anadziopa yekha.

"Kumudzi amawatcha ndani?"

"Kenani."

"N'chifukwa chake msewu wa ku Rumphi unali woipa chaka chilichonse. Ine kumangoti mwina abale awo sandifuna poti ndine Mchewa."

"Sizinali choncho, mulamu."

"Nanga osandiuza bwanji? Ndagona nawo nyumba imodzi mpaka imvi."

"Ankati akadzapuma ntchito adzakuuzani. Ankati mukadziwa mudzasenza nawo mantha ake." A Lizzie anapukuta manja pachitenje. "Mverani ine. Mwana wanu Harry musamuuze. Mlendoyo amwe tiyi wake azipita. Greenwell wagona kumeneko zaka zambiri, sanadandaulepo."

Alinesi anawasiya pampopipo. Anabwerera m'nyumba, anapeza Bonaventure atakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, tiyi asanamukhudze. Anamufunsa kumene agone. Iye anati pa resiti hausi ya ku Old Town, kufupi ndi msika. Alinesi anamuuza kuti asanyamuke, amudikire mawa m'mawa pokwerera basi.

Harry, mwana wawo yekhayo, anali atayambanso ntchito yake ya ukalaliki ku Capital Hill. Madzulo amenewo Alinesi sanathe kumuuza kanthu, chifukwa amayi a mpingo anali akubwerabe kudzagona naye, ndipo m'nyumba monse munali makutu. M'mawa anawauza amayiwo kuti akuitanidwa ku ofesi za malemu. Anayenda wapansi kutsika ku Area 3 mpaka pamlatho, anamupeza Bonaventure akudikira, ndipo anakwera basi ya ku City Centre.

Kumeneko dzuwa linali litakwera kale. Paliponse panali dothi lofiira lotembenuzidwa, milu ya njerwa, nyumba zosanjikizana zopanda mazenera, ndi timitengo tongobzalidwa kumene tomangiriridwa kuzikhomo. Harry anatuluka nthawi ya nkhomaliro, tayi ili pakhosi, kansalu kakuda kali pamkono. Ataona amayi ake ali ndi mwamuna wachilendo anakwinya nkhope.

"Amayi, mwatulukiranji? Anthu aziti chiyani?"

"Tiye uko, kopanda anthu."

Anakaima kuseri kwa mulu wa njerwa. Alinesi anafotokoza, koma nkhaniyo inkatuluka mozondoka. Anayamba ndi chala, anapita ku satifiketi, anabwerera ku mchenga, mpaka Harry anakweza dzanja.

"Dikirani. Amene wamwalira ndani?"

"Onse awiri."

"Adada ndi ati?"

"A Kenani."

"Kenani ndi ndani?"

"Abambo ako."

Harry anakhala pa njerwa osasamala buluku lake. Anamasula tayi, anaimanganso. Kenaka anayang'ana Bonaventure ngati kuti ndiye anapha onse awiri.

"Inu abambo, phiri lanulo ndi lalikulu, si choncho? Bwanji osayambira mbali ina, manda n'kuwasiya?"

Bonaventure anatola kamtengo, ananjuta, n'kujambula chinthu chonga chulu pafumbi.

"Dampu siligumulidwa ndi makasu. Timaliwomba ndi madzi amphamvu a m'mapaipi, mchenga usanduke matope. Matopewo amatsetsereka okha kupita kumunsi, kumene timakumba chidzenje n'kuikapo mapampu. Mapampu amawakankhira ku fakitale yatsopano. Kumeneko asidi amasungunula mkuwa, magetsi n'kuukoka kuti umatirire pazitsulo. Zotsala timakazitaya kwina, kutali ndi anthu." Anabaya kamtengo pansi pa chojambulacho. "Malo otsika kwambiri ndi apa. Ndipo apa ndi pamanda."

"Nanga uku?" anatero Harry, akuloza mbali ina ya chojambulacho.

"Ndinafunsa zomwezo pamsonkhano. Ndinati chidzenjecho chikhale kuvuma. Mainjiniya anapita kukayeza, anapeza kuti mbali imeneyo khoma la dampu n'lofewa, lili ndi madzi mkati. Mukalikhudza kumunsi likhoza kugumukira nyumba za anthu a kukomboni. Sindinathe kuwatsutsa, ananena zoona. Chidzenjecho chiyenera kukumbidwa mvula isanayambe. Amene abale awo abwera, aliyense alowa m'bokosi lake, apita kumanda atsopano ndi dzina lake, kapena abale amutengere kwawo. Amene palibe wowaimira aikidwa pamodzi."

"Aikeni pamodzi," anatero Harry msangamsanga. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Amayi, mukudziwa chimene mukuseweretsa? Fayilo ya adada ili padesiki pompano, akukonza penshoni yanu. Munthu mmodzi yekha akangomva kuti Greenwell Mhango anamwalira kalekale ku Zambia, anena kuti adada anaba ntchito ya boma. Penshoni palibe. Nyumba ija atitulutsa tsiku lomwelo. Ine ntchito yatha, ndipo mwina sizithera pantchito pokha. Masiku ano munthu amasowa chifukwa cha nkhani yaing'ono kuposa iyi."

"Ine sindiuza munthu," anatero Bonaventure. "Ku ofesi kwathu safunsa zambiri. Amangofuna m'bale aime pamanda anene kuti uyu ndi wathu."

"M'bale wake uti? Amayi akaime pamenepo anene kuti ndi akazi a Greenwell Mhango, amene anamwalira iwo akali kusewera masanje?"

Alinesi sanali kumuyang'ana. Maso ake anali kutsidya kwa msewu watsopano, kumene kunali kagulu ka mitengo yakale yobiriwira pakati pa dothi lofiira lokhalokha. Mudzi wa kwawo unali kuno. Boma litafuna malo a likulu, anthu onse anakwezedwa m'malole ndi mbuzi zawo n'kukatsitsidwa kwina. Tsopano sakanatha kuloza ngakhale pamene panali nkhokwe ya amayi ake. Chimene chinatsala ndi mitengo ija, manda a mudziwo, ndipo amayi ake anali m'menemo. Sankapitako kawirikawiri, koma akadutsa pa basi ankadziwa poyang'ana.

"Ine sindine mkazi wake," anatero pang'onopang'ono, akudzimvetsera yekha. "Ndine mlamu wake."

Chiyambire dzulo, aka kanali kanthu koyamba kuima chilili m'mutu mwake.

"Amayi, munthu simunamuonepo n'komwe."

"Sindinamuonepo. Koma dzina lake ndilo latidyetsa, ndilo lakuphunzitsa iwe, ndilo lakuveka tayi imeneyo. Ndiye mwini wake akalowe m'dzenje la anthu osadziwika?"

"Nanga adada akanafuna zimenezi?"

"Sindikudziwa. Dzulo m'mawa ndikanakuuza chilichonse chimene abambo ako akanafuna. Lero sindikudziwa."

Harry anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo kwa buluku. Belu la omanga nyumba linalira chapatali.

"Ndinauza kale wolemba zikwangwani ku Old Town kuti alembe dzina pamtanda wa adada. Akuti utha Loweruka."

"Ukamuuze adikire."

"Adikire chiyani?"

"Sindikudziwa, Harry. Angodikira."

Mnyamatayo ananyamuka osatsanzika. Atayenda pang'ono anaima, anabwerera, n'kufunsa Bonaventure mosamuyang'ana kumaso.

"Mtanda wachitsulowo, zilembo zake n'zotani? Adada ankalemba mowongoka ngati makina. Ku ofesi konse amadziwa."

"N'zokhotakhota," anatero Bonaventure. "Ngati za munthu wongophunzira kumene. Koma anazisema mozama kwambiri. Dzimbiri lalephera kuzifafaniza."

Harry anagwedeza mutu, anapita. Alinesi anamuona akukwera chitunda cha ku maofesi, akupukuta kumaso ndi kansalu ka m'thumba, ndipo sanadziwe ngati chinali thukuta.

Bonaventure anakwera basi ya ku Mchinji masana omwewo. Anati akadikira kwawo ku Chipata mpaka tchuthi chake chithe, ndipo anafotokozera Alinesi mmene angapezere nyumba ya makolo ake kuseri kwa msika. Sanafunse ngati abwera. Alinesi anabwerera ku Area 3 wapansi. Kawiri konse panjira anthu anamuimitsa kumupepesa za a Greenwell, ndipo iye ankathokoza, akudzifunsa kuti akulandira chipepeso cha yani.

Kunyumba anapeza a Lizzie atamanga kale mtolo wawo, atakhala pakhonde nsapato zili kumapazi.

"Ndikupita kwathu mawa," anatero. "Ntchito imene ndinabwerera yatha."

"Siinathe. Mukupita nane ku Zambia."

"Ine? Ndi miyendo iyi?"

"Inu ndinu mlongo wake weniweni. Simukanama kanthu. Ine ndikangokugwirani mkono."

"Mulamu, simukumvetsa." A Lizzie anayang'ana kumsewu. "Manda akewo sindinawaonepo. Ndikaima pamenepo ndikati chiyani? Munthu ndinamuvula dzina asanaume n'komwe m'manda."

"Simukanena kanthu. Mukangoima, anthu aone kuti ali ndi kwawo."

"Nanga mafupawo tikapita nawo kuti? Ku Rumphi? Kuno? Mukufuna manda awiri a dzina limodzi m'tauni imodzi?"

"Sindikudziwa. Tikaona tikafika."

"Zonse simukudziwa, koma mukuti tinyamuke."

"Eya."

A Lizzie anapuma mozama. Anayang'ana mtolo wawo. Kenaka anawerama, anamasula mfundo, anafufuza pansi pa zovala n'kutulutsa bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, imene anavala pamaliro Lachiwiri. Anaifunyulula, anainunkhiza.

"Iyi ifunika kuchapa," anatero. "Sindingakaime nayo pamaso pake ili chonchi."

Harry anafika dzuwa likupendeka. Sanalowe m'nyumba. Anaima pamasitepe, anaona bulauzi ija ili pachingwe, anaona azakhali ake atavula nsapato.

"Mawa ndipempha nthawi," anatero kwa amayi ake. "Ndikuperekezani kwa a DC mukatenge chiphaso chodutsira pa Mchinji. Mukanena kuti mukuperekeza azakhali kumanda a m'bale wawo. Dzina lisatchulidwe, lililonse mwa awiriwo."

"Chabwino."

"Sindikuti ndavomera."

"Ndamva."

Analowa, anatseka chitseko cha kuchipinda kwake.

Amayi a mpingo anali asanafike. Alinesi ndi a Lizzie anakhala pamphasa m'chipinda chochezera kumaliza kupinda zovala za malemu. Wina ankapinda malaya, wina mabuluku a kaki a kuntchito, ofiira m'maondo ndi dothi limene sopo analilephera.

"Alamu," anatero Alinesi, "kodi anali ndi vuto la makutu ali mwana?"

"Kenani? Ankamva belu la ng'ombe ili kuseri kwa phiri. Bwanji?"

"Munthu akawaitana kuti a Greenwell, sankayankha pomwepo. Kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi abwana awo, kaya ndi ine tili awiri. Ankakhala kaye chete pang'ono, mutu uli pansi, kenaka n'kuti, wawa. Anthu ankati ndi ulemu wa a kumpoto. Ine ndinkati makina a kumigodi anawaononga makutu. Ndinawakakamizapo kuti apite kuchipatala akawaone. Anangoseka."

A Lizzie anasiya kupinda.

"Ankadikira mwini wake ayambe wayankha," anatero motsitsa.

Alinesi anasalaza kolala ya malaya amene anali pamwendo pake. Kunja mwana wa oyandikana nawo ankaitana galu. Anayesa dzinalo mumtima kaye, kawiri, kuti lilime lizolowere. Kenaka anayang'ana kukhomo la kuchipinda chogona, n'kuitana ndi mawu a masiku onse, aja oitanira munthu kuti madzi osamba atentha.

"A Kenani."

M'nyumba munali zii. A Lizzie anaphimba nkhope ndi malaya a mlongo wawo, mapewa awo akugwedezeka. Atachotsa malayawo, maso anali onyowa, koma pakamwa panali ngati pakufuna kumwetulira.

"Limenelo," anatero, "ankayankha usanamalize kulitchula."